Dimba lapakhomo likupulumutsadi ndalama kapena tikungodzitopetsa?

NaGama_A25:
Anzanga ndithandizeni maganizo. Ndimakhala ku Area 25 nyumba ya lendi, kuseri kuli kamalo kochepa nde mwezi wa June ndinapanga mabedi a repu, tchainizi ndi tomato pang'ono kuti ndisamapite pamsika tsiku ndi tsiku. Masamba tikudya ndithu, ana akudya bwino, koma bilu ya madzi yakwera moti bambo akunyumba akuti ndisiye, akuti ndalama ndikuthira pansiyi bola kungogula masamba pabenchi. Mbewu ndinachita kugula, feteleza ndinagula woyeza pambale, pano tomato wagwidwa ndi tizilombo akuti ndigulenso mankhwala. Inu amene muli ndi madimba mtauni mukupindula bwanji? Komanso kupatula dimba, mukudula chani kuti malipiro afike kumapeto a mwezi? Kwathu pofika pa 15 zimakhala zatha.

Akaunti_Kanengo:
Bambowo akunena zoona, musawakwiyire. Anthu ambiri amawerengera masamba okha amene athyola, saikapo madzi, mbewu, feteleza ndi mankhwala. June ndi July repu amakhala mbwee pamsika, ndi nthawi imene amatchipa kwambiri chifukwa aliyense wa kudambo akukolola. Inu mukupikisana ndi mlimi wa ku Mitundu amene akutunga madzi ulele pachitsime cha m'dimba mwake pamene inu mukuthirira a pa mita. Simungamupose.

MayiWaAtatu:
Nde mukuti tingokhala manja lende kumadikira mavenda?

Akaunti_Kanengo:
Sindinatero mayi. Ndati werengerani kaye.

Alangizi_Opuma:
Mayi NaGama musasiye dimbalo, koma musinthe kalimidwe. A ku Kanengo ali ndi mfundo, dimba la mtauni likamadalira zogula zokhazokha silingabweze ndalama. Zinthu zimene zimadya ndalama ndi madzi, mbewu, chonde ndi mankhwala, ndipo zonsezi pakhomo zilipo kale, timangozitaya.

Ndiyambe ndi madzi poti ndi pamene pakupwetekani. Bedi la mita imodzi mulifupi mamita atatu mulitali, nthawi yotentha limafuna malita pafupifupi 15 patsiku, sichikwana n'chigubu chimodzi chomwe cha 20. Nyengo yozizira ndi ochepera apo. Anthu amaononga madzi chifukwa amalumikiza paipi kumpopi n'kuisiya pabedi iwo akusesa, madzi ambiri amangolowa pansi kupitirira mizu. Paipi ichotseni, gwiritsani ntchito keni kapena chitini chobowola kuti muzidziwa kuti mwathira angati. Kachiwiri phimbirani. Udzu wouma, masamba a mitengo, makoko a mtedza, chilichonse, mutchinge dothi lonse lisaoneke. Bedi lophimbira mungathe kudumpha tsiku osathirira, lopanda kanthu dzuwa la masana limamwa zonse. Thirirani m'mamawa kapena madzulo dzuwa litapendeka. Nthawi ya chilimwe mabedi musakweze ngati mizere ya chimanga, akhale olowa pansi pang'ono kuti madzi asathawe, okwera ndi a dzinja.

Kachitatu, madzi otsukira mpunga, otsukira masamba, otsukuluzira mbale, otsukuluzira zovala komaliza, onsewo ikani ndowa imodzi pakhomo aliyense azithira mmenemo. Banja la anthu asanu ndowa ziwiri zimadzadza tsiku lisanathe. Mukatero mpopi simuukhudzanso chifukwa cha dimba.

MtsikanaWaChinamwali:
Agogo apa pa madzi otsukira ndikuopapo ine. Kolera ya 2022 mpaka 2023 ija inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sitingamathire madzi akuda pa ndiwo zomwe tidye.

Alangizi_Opuma:
Mwafunsa bwino mdzukulu wanga. Si madzi onse. Ochapira matewera, a kubafa pamene wina akutsegula m'mimba, a jiki, ndi oyamba kuchapira aja a thovu lambiri, amenewo ayi. Ndipo olo abwinowo muzithira pansi patsinde, osati kuwaza pamasamba. Masamba muzitsuka ndi madzi oyera n'kuphika zipse. Tomato wodya wosaphika ndi letesi thirirani oyera. A thovu aja pititsani ku nthochi ndi mapapaya, zimenezo sizidandaula.

Kabaza_Mchesi:
ine vuto langa si madzi koma nkhuku za aneba. ndinadzala mpiru wabwinobwino, nditabwera ku ntchito ndinapeza mapesi okhaokha. kukawauza akuti nkhuku ilibe malire

MayiWaAtatu:
Iii zimenezo zinandichitikiraponso. Mpanda wa mapesi a chimanga kapena bango umathandiza, koma ukhale wothithikana pansi poti anapiye amalowa paliponse.

Kabaza_Mchesi:
bango ndi logulanso mayi. ena anandiuza ndizinge ndi neti ya udzudzu

Namwino_Bangwe:
Neti ayi chonde. Yakutha yong'ambikang'ambika mwina, koma anthu akumatenga yatsopano imene alandira kusikelo n'kukazinga tomato mwana akugona pamtetete. Malungo akamugwira ndalama ya thiransipoti ndi mankhwala iposa mpiru wa chaka chonse. Pezani masaka akutha musoke, kapena kwezani mbewu zanu pathandala.

MadalaWakuBvumbwe:
Achimwene a kabaza, dzalani m'matumba. Thumba la feteleza lakutha lija, pakati muimike miyala ing'onoing'ono kuchokera pansi mpaka pamwamba, mugwiritse chitini chodula mbali zonse kuti miyala isabalalike, m'mbali muzithira dothi losakaniza ndi manyowa mukukweza chitinicho. Likadzadza boolani m'mbali mwa thumba n'kuwokeramo mbande, pamwamba dzalaninso. Madzi mumathira pamiyala paja amayenda okha mpaka pansi. Thumba limodzi limanyamula mbande zochuluka kuposa kabedi ka malo omwewo, ndipo mukaliika pamwamba pa njerwa kapena pa tebulo lakutha nkhuku zimafika zam'munsi zokha. Kwa a lendi ndi njira yabwino poti alandilodi akakuuzani musamuke mumanyamula dimba lanu.

NaGama_A25:
Zikomo nonse. Paipi ndiye ndimagwiritsadi ntchito, ndiyesa za ndowazo. Koma funso la a ku Kanengo lija likadalipo, ngati repu ali wotchipa pamsika ndidzale chani?

Alangizi_Opuma:
Dzalani zimene sizifuna kugulira mbewu chaka ndi chaka komanso zimene tizilombo sitizikonda kwambiri. Bonongwe, luni, chisoso, denje, nkhwani, chitambe, kholowa. Bonongwe mukasiya mitengo iwiri ikhwime mbewu yake ikwana inu ndi aneba anu, ndipo yogwa pansi imamera yokha. Kholowa mumangopempha zingwe za mbatata kwa mnzanu, mukapeza ya chikasu mkati ngati Zondeni kapena Kadyaubwerere ndiye mwaphatikiza, masamba ndiwo, mbatata ya ana pa tiyi m'malo mwa buledi, ndipo ili ndi vitamini A. Anyezi wamasamba mukagula kamodzi musataye kumizu, bzalaninso aphuka. Tsabola mtengo umodzi wakwana. Chammwamba dzalani pakona, chimaphuka olo mungozika nthambi. Mpiru wa makolo ndi kamganje nazonso zimabereka mbewu bwinobwino mukazisiya zichite maluwa.

Tomato ndi nkhani ina. Nthawi ya chilimwe amatchipa, ku Lizulu, ku Bembeke, ku Jenda amachita kuunjikana m'mbali mwa msewu, nde kulimbana naye nthawi imeneyo ndi madzi ogula n'kutaya ndalama. Amadula January mpaka March chifukwa mvula imabweretsa chiwawu minda yambiri imapsa. Inu dzalani mitengo yochepa m'mabaketi akutha muike pakhonde pamene mvula sifika pamasamba koma dzuwa likuwomba, mufese November. Mudzathyola anzanu akulira pamsika.

Akaunti_Kanengo:
Apa ndiye tikugwirizana madala. Kudzala chodula pa nthawi imene chadula. Zomwe ndimakana ine ndi zoti dimba lililonse ndi phindu.

Bambo2_Ndix:
Koma tinene zoona, chisoso ndi luni ana a masiku ano sadya. Kwathu ukaphika zimenezo mbale zimabwerera.

MayiWaAtatu:
Mumaphika bwanji? Tenderani ndi nsinjiro muone ngati zibwerere. Luni amawawa ukaphika yekha, sakanizani ndi nkhwani kapena bonongwe.

Bambo2_Ndix:
Nsinjiro ndi mtedza, mtedza ndi ndalama mayi

MayiWaAtatu:
Mafuta ophikira ndi aulele? Kapu imodzi ya mtedza wosinja imatendera kangapo, ndipo mwana wadya chomanga thupi. Ine tsiku lotendera botolo la mafuta sindilikhudza. Mtedza gulani May kapena June anthu akungokolola kumene, musunge wosasenda pouma.

WakuJoni_Tembisa:
Moni kumudzi. Kuno ku Johannesburg tikulima ndithu, kuseri kwa chipinda changa ndili ndi matayala akutha ndi mabaketi a penti, muli mpiru ndi nkhwani. Sipinachi wa kuno sandikhutitsa. Chovuta ndi chisanu cha June ndi July, kumagwa chisanu choyera m'mamawa nkhwani amapseratu, mpiru wokha ndi umene umapirira. A ku Zimbabwe amene tili nawo pafupi anandipatsa nthambi za covo, ameneyu safuna mbewu, umangothyola mphukira n'kuzika, amakula ngati kamtengo ukuthyola masamba chaka chonse. Ndalama imene ndikanagula ndiwo ndimawonjezera pa yotumiza kwa amayi ku Mangochi.

Kabaza_Mchesi:
akulu a ku joni tipezereni ntchito kumeneko

WakuJoni_Tembisa:
Kuno sikophweka mphwanga, lendi yokha imadya theka. Gwira njinga yakoyo bwino.

Mphunzitsi_Dedza:
Tibwerere pa chonde. Feteleza chikwerereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kuwonjezera pa 25 peresenti ya mu May 2022, ambiri kuno tinayamba kudzipangira feteleza wotchedwa Mbeya. Mmene anatiphunzitsira ife: madeya makilo 20, ndowe zouma zosinja za nkhumba, mbuzi kapena zitosi za nkhuku makilo 20, phulusa losefa makilo 10, feteleza wa m'sitolo makilo 10, madzi malita 5. Musakanize bwino, kanyowe koti ukafumbata kagwirane koma osadontha, muike m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati mumange zolimba mpweya usalowe, musiye pamthunzi masiku 21. Mukamasula muyanike pamthunzi kaye. Thumba limodzi la feteleza wogula limatulutsa matumba asanu. Kwa dimba la kuseri kwa nyumba simufuna zochuluka choncho, gawani miyezo yonseyo ndi 10.

MadalaWakuBvumbwe:
Aphunzitsi, Mbeya ndi wabwino ku chimanga, koma pa mabedi atatu a mayiwa ine ndikuona kuti safunika n'komwe kugula feteleza. Dzenje limodzi kuseri, makoko a nthochi, a mbatata, zotsalira za masamba, zinyalala zosesa pabwalo kupatula mapulasitiki, phulusa pang'ono, muzithira timadzi n'kutembenuza, pakatha miyezi iwiri kapena itatu ndi manyowa. Akapeza zitosi kwa woweta nkhuku aviike m'ndowa sabata ziwiri, madziwo asungunule ndi ena mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka azithira patsinde. Zitosi zaziwisi musaike pambewu zimawotcha.

Mphunzitsi_Dedza:
Mtauni zitosi akugulitsatu madala, si ngati kwanu ku Bvumbwe.

MadalaWakuBvumbwe:
Akugulitsa inde koma thumba la zitosi ndi mbale ya feteleza mtengo wake ufanane? Ndipo manyowa amasunga chinyezi, nde abweza pa madzi paja.

Chemwali_Chibavi:
Ine ndilankhuleko za mbali inayo ya funso. Kwathu chimene chimadya ndalama kuposa ndiwo ndi makala. Thumba likukwera mwezi ndi mwezi ndipo matumba ake akunka nachepa. Zimene zandithandiza: nyemba ndimaviika usiku, m'mawa zimapsa msanga. Zikawira bwino ndimaphula poto n'kumukulunga m'bulangete lakutha, kumuika m'dengu n'kuvundikira, zimapitiriza kupsa zokha, pofika masana ndimangotenthetsa n'kuthira tomato. Mpunga chimodzimodzi. Ndikamaliza kuphika makala otsala ndimazimitsa ndi mchenga kapena kuwatsekera m'chitini, osawasiya anyeke mpaka phulusa. Ndipo poto aliyense pamoto akhale ndi chivundikiro. Ndinagulanso chitetezo mbaula ya dothi ija, imayaka ndi tinkhuni tochepa, zitsononkho, mapesi a nandolo, madzi osamba onse ndimaphitsa pamenepo.

Bambo2_Ndix:
Bola gasi. Makala akutha nkhalango, onani Dzalanyama mmene yathera.

Chemwali_Chibavi:
Gasi ndi wabwino kwa amene angakwanitse kugula silinda ndi kudzadzitsa pakamodzi. Ambirife timagula makala a m'jumbo chifukwa ndalama imabwera pang'onopang'ono, osati chifukwa sitikonda mitengo.

Akaunti_Kanengo:
Apa mwakhudza penipeni chemwali. Kugula pang'onopang'ono ndi kumene kumatidyera ndalama zambiri. Mafuta a m'tichubu, shuga wa m'timapepala, ufa wa walkman, makala a m'jumbo, ukaphatikiza pamwezi umapeza walipira kuposa amene anagula botolo lalikulu ndi thumba lathunthu. Wosauka amagula modula kuposa wolemera. Njira imene tinapeza ife kuntchito, timasonkha anthu asanu tsiku la malipiro, timagula chigubu cha mafuta, belo la shuga ndi katoni ya sopo ku holoselo n'kugawana. Amene muli mu banki m'khonde mungathe kupanga zomwezo pa tsiku logawana, m'malo moti aliyense atenge yake akathere ku kaunjika.

MtsikanaWaChinamwali:
Koma kugula zambiri pakamodzi kwathu sizitheka, abale akangoona thumba la shuga aliyense amabwera ndi kapu. Komanso ana amathira shuga ngati alibe mwini.

MayiWaAtatu:
Sungani kuchipinda, kukhitchini muzitulutsa za sabata imodzi basi. Wobwera kudzapempha mumpatse pa za sabatazo. Kumana m'bale sitingathe, koma asaone thumba.

Magetsi_Chirimba:
Pa magetsi ndithandizepo poti ndi ntchito yanga. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Hotipuleti ya mawati 1,000 ikayaka ola limodzi yuniti yapita, nde wophika nyemba zosaviika maola atatu wataya mayuniti atatu pa ndiwo imodzi. Babu lakale la mawati 100 limadya yuniti pa maola 10, la LED la mawati 9 limafuna maola oposa 100 kuti lidye yuniti yomweyo ngakhale kuwala kwake kumacheperako. Anthu amalimbana ndi ana kuti azimitse TV ndi kuchotsa tchaja, koma zakudya mayuniti ndi zimene zimatenthetsa: giza, ketulo, ayironi, hita, stovu. Giza muziyatsa nthawi yochepa musanasambe, osati tsiku lonse. Kusita sonkhanitsani zovala za sabata musite kamodzi. Ketulo muzithira madzi okhawo mukufuna, otsala ikani mu fulasiki. Fuliji onani labala la pachitseko ngati likugwira.

NaGama_A25:
Giza tilibe koma ketulo ndiye imayaka kambirimbiri patsiku. Za fulasiki ndazitenga.

Nachisale_Kawale:
Mukukamba za shuga ndi ketulo koma palibe amene watchula mowa ndi kubetcha mpira. Mayi akuvutika kusunga madzi otsukira mbale mu ndowa, bambo Loweruka limodzi amwera ndalama ya ndiwo za mwezi. Azibambo a pagulu pano yankhani.

Bambo2_Ndix:
Aaa mayi, si tonse timamwa. Nanga bandulo ya TikTok ndi mawigi ndi zitenje za yunifomu ukwati uliwonse?

Nachisale_Kawale:
Chitenje chimavalidwa zaka, mowa umathera kuchimbudzi usiku womwewo.

Mphunzitsi_Dedza:
Tisasandutse nkhaniyi ya amuna ndi akazi. Koma mfundo ya Nachisale ndi yoona pa chinthu chimodzi, kusunga ndalama kwa munthu mmodzi m'nyumba sikuphula kanthu ngati winayo sakudziwa kapena sakufuna. Ife tinagula kope, aliyense amalemba chimene wagula tsiku limenelo, olo machesi, olo ya kabaza, olo bandulo. Mwezi ukatha timakhala pansi awiri n'kuwerenga. Sipafunikanso kulozana zala, kope limanena lokha. Kwathu zinapezeka kuti mandasi ndi zigege za ana popita kusukulu ndi minibasi ya maulendo afupiafupi zimaposa ndiwo zamasamba kutali. Pano ana amanyamula mbatata yophika kapena chimanga chokazinga.

MayiWaGeni_Wakawaka:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ine ndine wogulitsa masamba amene mukuti mavendawo. Sindikudandaula kuti mukulima, limani ndithu, ifenso kunyumba tili ndi nkhwani kuseri. Koma ndikuuzeni za kagulidwe. Amene amagula pabenchi la pafupi ndi nyumba akulipira phindu la anthu awiri kapena atatu, mlimi, wopikula, ndi wa benchiyo. Mukabwera pamsika waukulu m'mamawa magalimoto akutsitsa mumagula pa mtengo wopikulira, mugwirizane anthu atatu mutenge beseni la tomato kapena anyezi mugawane. Apo ayi bwerani madzulo tikuweruka, masamba sitingagone nawo nde timatsitsa. Tomato wofewa amene anthu amamusala uja, osati wowola, timagulitsa motchipa, mukafika naye kunyumba muphikeni yense mpaka alimbe muthire mchere, muike m'fuliji kapena mudule muyanike padzuwa. Anyezi gulani wambiri nthawi imene watchipa, mumangirire pamalo opita mphepo amakhala miyezi. Chokhacho musatinenerere mpaka kutidyera mpamba, nafenso tili ndi ana kusukulu.

MayiWaAtatu:
Zikomo mayi, mwalankhula chilungamo. Za kuyanikazo zandikumbutsa mfutso. Amayi athu sankagula ndiwo October ndi November. Nthawi ya dzinja nkhwani, chitambe, khwanya zikachuluka ankafutsa, kuwiritsa pang'ono n'kuyanika, n'kumanga zikwatu ndi masamba a msuku kupachika kukhitchini. Ife tabwera mtauni tikuona ngati ndi zachimidzi, February masamba akuwolera m'munda, October tikugula kampukutu ka masamba anayi.

Alangizi_Opuma:
Mfutso ndi theka la yankho la funso la madzi lija. Miyezi imene kuthirira kumadula kwambiri ndi September mpaka mvula itagwa. Mukakhala ndi mfutso wokwanira, nthawi imeneyo mungochepetsa dimba, musiye thumba limodzi kapena awiri a masamba aawisi ndi nazale ya tomato, zina zonse zipume. Pofutsa musawiritse nthawi yaitali, madzi akhale owira kale, muviike mphindi zochepa n'kuvuula. Kuyanika pamthunzi popita mphepo kumasunga mtundu wobiriwira ndi mavitamini kuposa padzuwa la phwee, ndipo yanikani pathandala osati pansi pamene pali fumbi ndi nkhuku. Ziume mpaka zizifumbutuka m'manja musanasunge, zikapanda kuuma zichita nkhungu. Therere lobala nalonso limadulidwa n'kuyanika.

Kabaza_Mchesi:
nanga ufa? ife timagula chimanga pa ndowa nkukagayitsa

Chemwali_Chibavi:
Gayitsani mgaiwa. Ukakonoletsa umalipira kawiri kuchigayo, madeya amatsala komweko, poviika china chimapitanso ndi madzi, ndowa yodzadza imabwerako yoperewera. Mgaiwa chonse chimabwera kunyumba ndipo umakhalitsa m'mimba.

Bambo2_Ndix:
Mgaiwa ine ayi, tinadya wokwana ku boarding

Chemwali_Chibavi:
Nde pangani gramil, kukonola kokha osaviika. Koma madeya anu muzitenga, musawasiyire a chigayo, ndi omwe aphunzitsi akuti mupangire Mbeya aja, olo kusinthanitsa ndi zitosi kwa oweta nkhuku.

MtsikanaWaChinamwali:
Agogo alangizi, za tizilombo simunayankhe. Inenso mpiru wanga wadzadza nsabwe kunsi kwa masamba, akufota.

Alangizi_Opuma:
Nsabwe zimachuluka kukayamba kutentha, August kupita kutsogolo, makamaka pa mbewu yomwe ili ndi ludzu. Poyamba thyolani masamba ogwidwa kwambiri mukakwirire. Kenako sinjani masamba a nimu odzadza manja awiri, tsabola wowawa pang'ono ndi adyo ngati alipo, viikani mu malita 5 usiku wonse, sefani, sungunulanimo kachidutswa ka sopo wochapira wa mtanda, wazani madzulo makamaka kunsi kwa masamba. Mubwereze pakatha masiku angapo chifukwa sizifa zonse tsiku limodzi. Ombwe amagwiranso ntchito kwambiri koma samalani naye, ndi amene amapha nsomba uja, musatsukire ziwiya zake kumtsinje ndipo mudikire masiku angapo musanathyole.

Tomato wa mayi NaGama, ngati masamba ali ndi timizere toyera mkati ngati mwadutsa kanthu ndipo zipatso zabooka, ameneyo ndi Tuta, kambozi kochokera ku South America kamene kasautsa alimi a tomato zaka zapitazi. Kamakhala mkati mwa tsamba nde mankhwala ambiri sakafika. Pa mitengo yochepa njira ndi kuthyola masamba ogwidwa tsiku ndi tsiku n'kuwotcha. Ngati yagwidwa yonse zulani, musadzalenso tomato, mabilinganya kapena mbatatesi pamalo omwewo ulendo wotsatira, ikanipo nyemba kapena mpiru. Ngati masamba achita chikasu ndi timadontho, kunsi kuli ngati ukonde, ndi akangaude ofiira, amakonda kouma ndi fumbi.

Mankhwala a m'timabotolo topanda chizindikiro amene amagulitsa pamsika musagule. Simudziwa kuti ndi chani, ena ndi a thonje. Mukagula a m'sitolo werengani masiku oyenera kudikira musanakolole.

Bambo2_Ndix:
Agogo anga ankaviika fodya nkuwaza, tizilombo tonse timafa. Ndi waulele kwa amene ali ndi abale ku Kasungu.

MadalaWakuBvumbwe:
Amapha inde, koma madzi a fodya ndi poizoni kwa munthunso, amalowa ndi pakhungu pomwe, pa masamba othyola mawa lino ayi. Ndipo pa tomato ndi tsabola fodya amatha kubweretsa matenda aja opiringiza ndi kuchititsa mawangamawanga masamba, olo wosuta akagwira mbande asanasambe m'manja amapatsira. Khalani pa nimu.

NaGama_A25:
Ndakayang'ana, ndi timizere toyera tija ndipo zipatso zina zabooka. Mitengo iwiri yokha ndi imene ikuoneka bwino. Ndizule yonse kapena ndisiye iwiriyo?

Alangizi_Opuma:
Siyani iwiriyo ngati zipatso zake zayamba kukula, muzichotsa tsamba lililonse la mzere mukangoliona. Inayo zulani lero, muwotche kapena mukwirire mozama, musaponye m'dzenje la manyowa.

Kabaza_Mchesi:
amene ali ndi mbewu ya bonongwe ndi luni ku lilongwe kuno andigaireko, matumba awiri ndapeza kale. ndimaima pa siteji ya mchesi, ndingathe kudzatenga kulikonse ndi njinga

Nachisale_Kawale:
Bonongwe ndili naye wambiri ndi nthanga za maungu, luni ndilibe. Ndilembereni ku inbox tigwirizane tsiku. Bonongweyo pofesa musakanize ndi mchenga, njere zake ndi zazing'ono kwambiri zimagwera malo amodzi.